MBIRI YA FREDERICK WEYERHAEUSER, WOSONKHA MOTO PA MACEKA, NDI YA BANJA LACE



Mwezi uno ndifuna kukufotokozerani mbiri ya munthu wina wa ku Germany, dzina lace Frederick Weyerhaeuser, amene anasiya kwao ali mnyamata, naoloka nyanja yaikuru kunka ku America, nalowa nchito yosonkha moto usiku pa makina oceka matabwa. Ambiri posimba mbiri yace angonena za cuma cimene anacipeza pambuyo pace, monga ngati nkhani yonse ithera pomwepo. Koma ine ndifuna kuti tione mbali zonse ziwiri: manja okhulupirika amene anamkweza, ndi nkhalango imene inagwa kuti iye akwere. Tionenso zaka zambiri zimene zinapita banja lace lisanaphunzire kubwezera nthaka cimene linatengako.

I. KWAO KU GERMANY

Mwanayo anabadwa pa 21 November 1834 m'mudzi wa Nieder-Saulheim, kufupi ndi mzinda wa Mainz ndi mtsinje wa Rhine, m'dziko la Hesse. Masiku amenewo Germany sanali ufumu umodzi ai, koma maiko ambiri ang'ono ang'ono ndi mafumu ao. Anadzakhala pansi pa mfumu imodzi m'caka ca 1871. Kwao anamucha Friedrich, ndipo dzina la Frederick analitenga atafika pakati pa anthu olankhula Cingelezi. Atate wace, Johann, anali ndi munda wa maekala 15 ndi kamunda ka mphesa ka maekala 3, ndipo m'nyumbamo munabadwa ana 11. Mnyamatayo analowa sukulu ali wa zaka 6, nayamba kuthandiza kumunda ali wa zaka 8; koma m'caka ca 1846 atate wace anamwalira, ndipo kuyambira pamenepo munda unamuitana koposa sukulu.

Zaka zimenezo zinali zowawa kwa alimi a dera limenelo. Mwambo wao unali wakuti pomwalira mwini munda ana onse agawane nthakayo. Cotero mbadwo ndi mbadwo minda inacepa, kufikira munda umodzi sunathe kudyetsa banja. Kuonjezera apo, kuyambira 1845 mbatata za kacewere, ndizo cakudya ca aumphawi, zinagwidwa nthenda nizibvunda, ndipo m'zaka za 1846 ndi 1847 munagwa njala. M'caka ca 1848 anthu anauka kufuna ufulu ndi malamulo atsopano, koma pofika 1849 mafumu anali atawagonjetsa ndi asilikari. Cifukwa cace mitima ya ambiri inatembenukira kutsidya kwa nyanja. Pakati pa 1851 ndi 1860 Ajeremani pafupifupi miliyoni imodzi analowa m'dziko la United States, ndipo m'caka ca 1854 cokha analowa oposa 200,000.

Abale ena a Friedrich anatsogola, nakhala m'cigawo ca Pennsylvania, natumiza makalata otama dziko latsopanolo. Tsono m'caka ca 1852 iyenso, ali wa zaka 17, ananyamuka pamodzi ndi ena a pabanja pace, nafika pa dooko la New York m'mwezi wa July.

II. MLENDO WOFUNA NCHITO

Poyamba anakhala pa kamzinda ka North East, m'mbali mwa nyanja ya Erie, nagwira nchito zaka ziwiri m'nyumba yofulira mowa. Nchitoyo anaisiya mwa kufuna kwace, pakuti anaona kuti kawirikawiri wofulula mowa asanduka iye mwini wakumwa woposa onse amene amgula. Pamenepo analima caka cimodzi m'munda wa munthu wina. Atalandira gawo lace la ndarama za munda wa atate wace, umene unagulitsidwa ku Germany, analowera kumadzulo, nafika m'caka ca 1856 ku Rock Island, m'cigawo ca Illinois, m'mphepete mwa mtsinje waukuru wa Mississippi. Kumeneko anayamba ndi kugwira nchito yokonza njanji.

Tiyenera kuzindikira cifukwa cace matabwa anafunika kwambiri pamalo pamenepo. Kuzungulira Rock Island, ndi kutsidya kwa mtsinje m'cigawo ca Iowa, kunali zidikha zazikuru za udzu, nthaka yace yacondetu, koma mitengo yace yowerengeka. Alendo zikwi zikwi analikufika kudzalima, ndipo ali yense anasowa matabwa a nyumba, a nkhokwe, a khola ndi a mpanda. Caka comweco ca 1856 mlatho woyamba wa njanji wooloka Mississippi unatha kumangidwa pa Rock Island pomwepo. Mitengo inali kumpoto, osowa matabwa anali kumwera ndi kumadzulo, ndipo mtsinje unali njira ya pakati pao. Cotero m'mphepete mwace munamangidwa nyumba zambiri za maceka.

III. WOSONKHA MOTO WA USIKU

M'nyumba ina yotere, ya eni ace atatu, Mead, Smith ndi Marsh, mnyamatayo analembedwa akhale wosonkha moto wa usiku. Makina a masiku amenewo anayenda ndi nthunzi. Panali mtsuko waukuru wacitsulo wodzala madzi, ndi ng'anjo pansi pace. Madzi akawira, nthunzi inakankha zitsulo, ndi zitsulozo zinayendetsa maceka. Nkhuni za ng'anjoyo zinali makungwa, zidutswa za matabwa ndi utuci. Wosonkha moto anayenera kudikira ena ali m'tulo, kuponya nkhuni pa nthawi yace, ndi kupenyetsetsa madzi; pakuti madzi akacepa mtsukowo ukhoza kuphulika ndi kupha anthu, ndipo kamoto kamodzi kakagwera pa utuci nyumba yonse ikhoza kupsya usiku umodzi. Inali nchito yonyozeka, ya thukuta ndi mwaye, yopanda woiyamika, pakuti palibe woiona. Idziwika pokha pamene yalakwika.

Nchito imeneyo anaigwira bwino, ndipo eni ace anaona. Posacedwa anamuika awerenge matabwa oturuka pa maceka, pambuyo pace ayang'anire bwalo losungira matabwa ndi kugulitsa. M'caka ca 1857 anakwatira Sarah Elizabeth Bloedel, namwali wobadwira m'mudzi womwewo wa Nieder-Saulheim. Ndipo eni nchito anamtuma akasunge bwalo lao latsopano pa kamzinda ka Coal Valley.

Koma caka comweco ca 1857 malonda a dziko lonse la United States anagwedezeka. Nyumba zambiri zosungira ndarama zinatsekedwa, ndipo eni maceka aja anagwa m'ngongole, nchito yao nitha. Weyerhaeuser anali atasunga kanthu pa malipiro ace, natenga bwalo la ku Coal Valley likhale lace. Popeza alimi analibe ndarama, iye anayenda pakati pao kusinthanitsa matabwa ndi akavalo, ng'ombe, nkhumba, mazira, ndi ciri conse anali naco, nakagulitsa zimenezo kwina.

Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Mkazi wace anali ndi mkuru wace dzina lace Catherine, wokwatiwa ndi Mjeremani wina, Frederick Denkmann, mmisiri wodziwa makina. M'caka ca 1860 akamwini awiriwa anaphatikiza zimene anali nazo, nagula nyumba ya maceka ija ya ku Rock Island, momwe mmodzi wa iwo adasonkha moto zaka zinai zapitazo. Anagawana nchito monga mwa nzeru zao: Denkmann anakhala pa makina, kukonza ndi kuyendetsa, ndipo tsiku lina makina opalira matabwa anamdula zala ziwiri, Weyerhaeuser anayenda kunja kugula mitengo ndi kugulitsa matabwa. Cibwenzi cao ca nchito cinakhala kufikira imfa ya Denkmann m'caka ca 1905.

IV. NKHALANGO ZA KUMPOTO

Tsono tiyang'ane kumene kunacokera mitengoyo. Kumpoto, m'zigawo za Wisconsin ndi Minnesota, kunali nkhalango zazikuru za paini woyera, mitengo yaitali ndi yoongoka, ina ya zaka mazana awiri ndi kuposa. Dziko limenelo linali ndi eni ace, ndiwo anthu a mtundu wa Ojibwe. M'caka ca 1837 boma la United States linapangana nao pangano limene linawacotsera dera lalikuru la nkhalangozo, ndipo cimene boma linafunako makamaka ndico mitengo. Pofika Weyerhaeuser anapeza dzikolo liri kale pa malonda, nayamba kugula nkhalango za m'mbali mwa mtsinje wa Chippewa, umene uthira m'Mississippi.

Kudula kwace kunali kotere. Anthu anagwetsa mitengo m'nyengo ya cisanu, pamene nthaka ndi mitsinje ziumirira ndi kuzizira, nakoka zipikazo pa zileyi za akavalo ndi ng'ombe kufikira kumtsinje. Cipika ciri conse anacisindikiza cizindikiro ca mwini wace. Pakutha cisanu madzi anasungunuka nadzaza mitsinje, ndipo amuna anatsikira nazo zipikazo, kuyenda pamwamba pace ndi ndodo za ngowe. Ambiri anaterereka namira, kapena kupsinjika pamene zipika zinaunjikana ndi kutseka mtsinje. Pa malo ochedwa Beef Slough, kufupi ndi mathiriro a Chippewa, anazisankha monga mwa zizindikiro zace, nazimanga pamodzi zikhale ngati bwalo lalikuru loyandama, ndipo sitima za nthunzi zinazikankha kutsika nazo ku maceka a kumwera. Eni maceka a m'mbali mwa Mississippi anapanga gulu lao, Mississippi River Logging Company, ndipo m'caka ca 1872 anasankha Weyerhaeuser akhale mkuru wace, pakuti anamdziwa kuti asunga mau ace, nadziwanso kuyanjanitsa anthu opikisana.

Pano, abale, tisanyengedwe ndi kuganiza kuti wosonkha moto ali yense anasanduka mwini maceka. Mwa alendo ambirimbiri aja, Ajeremani, ndi a ku Norway, ndi a ku Sweden, ndi a ku Canada, ocuruka anakalamba ali anchito, ndipo maina ao salembedwa m'mabuku. Pa maceka anagwira maora 11 kapena 12 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, pakati pa phokoso ndi zitsulo zakuthwa. Opunduka manja anali ambiri. M'caka ca 1881 anchito a pa maceka a ku Eau Claire, pa mtsinje womwewo wa Chippewa, ananyanyala nchito kupempha maora 10, ndipo bwanamkubwa wa Wisconsin anawatumizira asilikari. Cuma ca malonda a matabwa cinamangidwa pa misana ya anthu otere.

Ndipo nkhalangoyo inatani? Anthu a nthawi imeneyo anayesa kuti siidzatha ku nthawi zonse. Koma inatha m'moyo wa munthu mmodzi. Odula anatenga mitengo yabwino, nasiya zitsa, nthambi ndi nsonga zirikuuma pansi. Sanabzale ina, pakuti mtengo usowa zaka zambiri kuti ukule, ndi boma linakhometsa msonkho pa nthaka caka ndi caka, ndi moto ukhoza kutha zonse tsiku limodzi. Anati alimi adzabwera kudzalima m'zitsamo. Koma nthaka yambiri ya paini inali ya mcenga, ndipo alimi ambiri amene anaigula anasauka nayo. Zouma zija zinasanduka nkhuni za moto woopsya. Pa 1 September 1894 moto unatha mzinda wa Hinckley, m'Minnesota, nupha anthu oposa 400. M'mwezi wa October 1918 moto wina unatentha mzinda wa Cloquet ndi midzi yozungulira, momwe banja la Weyerhaeuser linali ndi maceka akuru, nafanso anthu oposa 400. Mlandu umenewu suli wa munthu mmodzi ai, pakuti odula anali ambiri, ndi ogula matabwa anali dziko lonse; koma wamkuru mwa odulawo sakhoza kucotsedwa pa mlanduwo. Ndipo m'caka ca 1905 maceka aja a ku Rock Island anaima osayendanso, popeza mitengo yotsika ndi mtsinje inali itacepa.

V. BANJA LACE

Frederick ndi Sarah anabala ana asanu ndi awiri: John m'caka ca 1858, Elise, Margaret, Apollonia, Charles, Rudolph, ndi Frederick Edward, mzime wace, m'caka ca 1872. Atate amene sukulu yace inadukizidwa ali mwana anasamala kuti ana ace aphunzire. Ana amuna onse anai anawaika pa nchito ya matabwa, yense pa malo pace: Charles anayang'anira maceka a ku Little Falls, Rudolph a ku Cloquet, ndi Frederick Edward anakhala pambali pa atate wace kusunga mabuku ndi kulemba makalata. Elise anakwatiwa ndi William Bancroft Hill, amene anaphunzitsa za Buku Lopatulika pa sukulu yaikuru ya Vassar. Margaret anakwatiwa ndi James Richard Jewett, mphunzitsi wa Ciarabu pa Harvard. Ndi Apollonia anakwatiwa ndi Samuel Davis wa ku Rock Island.

M'caka ca 1891 banjalo linasamukira ku St. Paul, m'Minnesota, ndipo mnansi wao pa mseu wa Summit Avenue anali James J. Hill, mkuru wa njanji za kumpoto. Njanji ya Northern Pacific inali italandira kwa boma nthaka yambiri ngati mphotho ya kumanga njanjiyo, ndipo mwa iyo munali nkhalango za cigawo ca Washington, kumadzulo kwenikweni, kufupi ndi nyanja ya Pacific. Poona kuti paini wa kumpoto alikutha, Weyerhaeuser ndi anzace anapangana ndi Hill, ndipo m'mwezi wa January 1900 anagula maekala 900,000 pa mtengo wa madola 6 pa ekala, ndiwo madola 5,400,000. Pomwepo inabadwa Weyerhaeuser Timber Company, ndi likuru lace pa mzinda wa Tacoma.

Mu ukalamba wace sanaiwale mudzi wa kwao: m'caka ca 1904 anamangira anthu a ku Nieder-Saulheim nyumba yaikuru yoimbiramo. Anali munthu wosakonda kuchuka, wopewa olemba nyuzi, ndipo ambiri m'dzikomo sanadziwe ndi dzina lace lomwe. Sarah anamwalira m'caka ca 1911, atakhala m'ukwati zaka 54. Ndi mwamuna wace anamtsata pa 4 April 1914, ali ku Pasadena m'cigawo ca California. Mtembo wace anabwera nao ku Rock Island, naikidwa m'manda a Chippiannock, pa mzinda umene adayambapo kusonkha moto.

VI. ZIDZUKULU

Ana ndi zidzukulu analandira cuma, nalandiranso mirandu yace. M'caka ca 1917 anchito a m'nkhalango ndi a pa maceka a kumadzulo ananyanyala nchito kufuna maora 8, ndipo anawalandira m'mwezi wa March 1918. M'caka ca 1935 ananyanyalanso kufuna malipiro okwanira ndi kuti eni nchito abvomereze magulu ao. Mwezi womwewo wa May 1935 tsoka lina linagwa m'nyumba. Mwana wa zaka 8, dzina lace George, mdzukulu wa John, anabedwa pa mseu ku Tacoma pocokera kusukulu, ndipo akubawo anafuna dipo la madola 200,000. Makolo anapereka, mwana namasulidwa wamoyo pa 1 June, ndipo akubawo anagwidwa naikidwa m'ndende. Mmodzi wa iwo anaturuka m'caka ca 1963, atakhalamo zaka 28. Ndipo George yemweyo, ali munthu wamkuru tsopano, anampatsa nchito m'kampani ya banja lao. George anakhala mkuru wa kampaniyo kuyambira 1966, namwalira m'caka ca 2022.

Koma cinthu cacikuru cimene zidzukulu zinacita ndi ici. Atate wace wa George, John Philip wamng'ono, ndi anzace otsogolera kampani, anaona zitsa za ku Wisconsin ndi Minnesota, nazindikira kuti kupitirira Washington kulibenso nkhalango ina yothawirako, koma nyanja yokha. Tsono anayamba kuphunzitsa kuti mitengo iri mbeu monga mbeu zina, yofunika kubzala, kusamala ndi kukolola pa nyengo yace. M'mwezi wa June 1941, kufupi ndi kamzinda ka Montesano, anapatula maekala 120,000, ambiri a iwo odulidwa kale ndi opsya ndi moto, nawacha Clemons Tree Farm. Umenewo ndiwo unayamba kuwerengedwa munda wa mitengo m'dziko lonse la United States. Anaikamo alonda a moto, nalambula miseu, naoka mbande pamene mitengo sinamere yokha. Ndipo eni nthaka ena ambiri anatsanza citsanzo cimeneco.

Taonani kutalika kwa nthawi. Kuyambira 1860, pamene akamwini awiri aja anagula maceka, kufikira 1941, panapita zaka 81; ndipo mwini mbiriyi anali atagona m'manda zaka 27. Tisaiwalenso kuti munda wa mitengo suli nkhalango ija yakale. Mitengo yobzalidwa ikololedwa ikali ya zaka makumi owerengeka, koma ija inagwa inali ya zaka mazana, ndipo palibe wa ife adzaona inzace itaima m'malo mwace.

VII. CIMENE TITOLAPO

Inu aphunzitsi, posimbira ana mbiri iyi, muyambe ndi ng'anjo ija ya usiku, pakuti pamenepo pali phunziro loona: mnyamata wamasiye, mlendo wosadziwa cinenero ca dzikolo, anasamala moto wa eni ace pamene panalibe womuona, ndipo kukhulupirika komweko ndiko kunacititsa anthu kumuikiza zazikuru masiku onse a moyo wace. Koma musalekere pamenepo. Muwauzenso za anchito anzace amene anakhala pa maceka kufikira imvi, za a Ojibwe amene dziko lao linagulitsidwa, ndi za midzi imene inapsya pakati pa zitsa. Munthu akhoza kukhala woona m'malonda ace onse, wosanyenga mnzace ndi khobiri limodzi, ndipo nkusiyabe ngongole kwa nthaka ndi kwa ana osabadwa. Weyerhaeuser anadziwa kuwerenga matabwa oturuka pa maceka. Kuwerenga mitengo yotsala m'nkhalango anasiyira zidzukulu zace, ndipo izo zinayamba kuwerenga paini wa kumpoto atatha kale. Cifukwa cace muphunzitse mwana nzeru zonse ziwiri pamodzi, kuti tsiku limene aphunzira kugwira nkhwangwa, aphunzirenso kuoka mbande.